Kusankha Sukulu ya Udokotala: Kodi Wodwala Ali ndi Mawu pa Nkhaniyi?

Banja likakhala pansi kukambirana za sukulu imene mwana wawo akaphunzireko udokotala, nkhani imakonda kuzungulira pa zinthu zowerengeka, monga kukula kwa fizi, kutalika kwa maphunziro, kutchuka kwa dzina la sukuluyo ndiponso ngati digiri yake imalandiridwa m'maiko ena, ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi chimene munthu wanzeru angachinyoze. Koma pansi pa mawerengero onsewa pali funso lina lokhudza choyenera ndi chosayenera pa zochita za munthu, limene silifunsidwa kawirikawiri chifukwa anthu amene likuwakhudza kwambiri sakhalapo pa zokambiranazo. Funsolo ndi lakuti kodi chisankhochi ndi cha wophunzira ndi abale ake okha, kapena odwala amene adzagone pamaso pake m'zaka zikubwerazo, ngakhale iye sanawaonebe ndipo ena mwa iwo sanabadwe n'komwe, ali kale ndi gawo pa nkhaniyo. Odwalawo ali nalo ndithu gawo, chifukwa sukulu ya udokotala simangopatsa munthu nzeru zoti akagwiritse ntchito kulikonse kumene angafune, koma imaumba maso ake, makutu ake ndi chikumbumtima chake, kotero kuti posankha sukulu munthu amakhala atayamba kale kusankha odwala amene adzathe kuwathandiza.

Kwa nthawi yaitali dziko la Malawi linalibe sukulu yakeyake ya udokotala, mpaka m'chaka cha 1991 pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre monga nthambi ya University of Malawi, ndipo ngakhale pamenepo ophunzira oyambirira ankayambira maphunziro awo ku Britain, Australia ndi South Africa, n'kudzamalizira kuno zaka zophunzirira pa odwala. Kuyambira 2021 sukuluyi, itaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing, ili m'yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Malo ndi ochepa pamene ofuna ndi ambiri, ndipo amene amalowa amasankhidwa potengera mapointi a mayeso a MSCE. Otsala pakhomo ndiwo amakumana ndi mphambano yeniyeni: ena amalembanso mayeso, ena amafunafuna malo ku Zambia, China, Russia kapena India, ndipo ena amapita ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo kukaphunzira ntchito ya clinical officer, amene ndi wachipatala wophunzira zaka zocheperapo kusiyana ndi dokotala, koma amene m'zipatala za m'maboma ndiye amaona odwala ambiri ndi kuchita maopaleshoni ambiri a amayi olephera kubereka okha.

Yankho loyamba pa funsoli, limene lili ndi mphamvu kuposa momwe alaliki ndi andale ena amavomerezera, ndi lakuti wophunzira ndiye mwini moyo wake. Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Königsberg, anaphunzitsa m'buku lake la 1785 kuti munthu aliyense ali ndi ulemu wosagulika, ndipo sayenera kutengedwa ngati chida chabe chokwaniritsira zolinga za ena, ngakhale zolingazo zikhale zabwino chotani. Mtsikana wa zaka 18 amene wakhoza bwino masamu ndi sayansi si amene anasaukitsa dziko lake, si amene anasakaza chuma cha boma, ndipo si amene anachititsa kuti mafamase a m'zipatala azikhala opanda mankhwala. Kumuuza kuti luso lake ndi katundu wa fuko woti akuluakulu agawe monga akufunira ndiko kumusenzetsa mlandu wa anthu ena. Komanso dokotala wokakamizidwa, amene thupi lili m'wodi koma mtima uli kwina, sachedwa kusanduka waukali, ndipo ukali wakewo umagwera wodwala yemweyo amene chikakamizocho chinkafuna kumuteteza.

Kufooka kwa yankho limeneli kuli pa mfundo imene limangoilandira osaifufuza, yakuti udokotala ndi nzeru imodzi yofanana ponseponse, imene munthu angaitenge ku Moscow kapena ku Blantyre n'kupita nayo kwina popanda chosintha. Mbali ina izi n'zoona, popeza mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi kulikonse, ndipo anatomi, lomwe ndi phunziro la kapangidwe ka thupi, sasintha munthu akaoloka malire. Koma Aristotle, amene bambo ake anali sing'anga wa mfumu ya ku Macedonia, anaona kuti khalidwe labwino silibwera ndi kumva chiphunzitso chokha, limabwera ndi chizolowezi, kotero kuti munthu amakhala wolungama pochita zolungama mobwerezabwereza. Ndipo anasiyanitsa nzeru ya m'mabuku ndi nzeru ina imene anaitcha phronesis, ndiko kuti luso lozindikira choyenera kuchita pa nkhani imene ili pamaso pa munthu nthawi yomweyo. Udokotala umatsamira kwambiri pa nzeru yachiwiriyi. Zaka zoyamba wophunzira amazithera m'kalasi ndi mu labotale, koma zaka zotsatira amazithera m'mawodi, akulondola aphunzitsi ake bedi ndi bedi, ndipo m'menemo amatengera zinthu zimene sizilembedwa pa ndondomeko ya maphunziro: momwe mphunzitsi amapatsira moni gogo wosadziwa kuwerenga, ngati amakumbukira kufunditsa mayi nsalu pomuyeza ophunzira khumi atamuzungulira, ngati amaima n'kuyankha gadiyani amene wakhala akugona pansi pafupi ndi bedi, ndiponso ngati amavomera pamaso pa anamwino kuti analakwitsa. Wophunzira amene wakhala zaka zitatu pansi pa aphunzitsi onyoza osauka amatuluka atazolowera kunyoza, ngakhale pa tsiku lolandira digiri alumbire moona mtima lumbiro lonse la madokotala.

Palinso nzeru imene imamera pa malo. Wophunzira wa pa chipatala cha Queen Elizabeth Central, chimene anthu a ku Blantyre amachitcha Gulupu, kapena wa pa Kamuzu Central ku Lilongwe, amaona tsiku ndi tsiku malungo ogwira ubongo, chifuwa chachikulu, matenda obwera ndi kachilombo ka HIV, ana onyentchera ndi amayi otaya magazi pobereka, ndipo amene anali m'mawodi m'zaka za 2022 ndi 2023 anaona kolera wochuluka kuposa amene dziko lino linamuonapo kale. Amaphunzira kupeza nthenda ndi manja, maso ndi mafunso pa tsiku limene makina ojambulira aonongeka kapena zoyezera magazi zatha. Koposa zonse amaphunzira kumva. Wodwala akanena kuti m'thupi monse mukuphwanya, kapena kuti mtima ukuthamanga, mawuwo angathe kuloza ku malungo, ku kuchepa kwa magazi kapena ku nkhawa imene munthuyo sangaitchule dzina. Ndipo agogo akanong'oneza kuti mwana wotupa miyendoyu ndi tsempho, ndiko kuti nthenda imene mwambo umati imagwira mwana makolo akaswa malamulo a m'nyumba, dokotala wodziwa malo ake amazindikira zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti mwanayo akusowa chakudya chomanga thupi, ndiponso kuti kunyumba kuli munthu amene akulozedwa chala, kotero kuti banjalo lingathe kuthawitsa mwanayo m'chipatala usiku ngati palibe amene walankhula nalo mwaulemu. Nzeru yotereyi siyenera kuyesedwa yotsika. Muyeso wodziwira kukula kwa chikomokere cha mwana wodwala malungo, wotchedwa Blantyre Coma Scale, unakonzedwa pa Gulupu ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, unasindikizidwa mu 1989, ndipo lero ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Mu 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, chifukwa okonza ndondomekoyo ankadziwa kuti makina oyezerawo ali kutali ndi amayi ambiri akumudzi, ndipo pambuyo pake bungwe la World Health Organization linalimbikitsa maiko ena kutsata njira yomweyo.

Izi sizikutanthauza kuti sukulu ya kwathu ndi yoyera ndipo ya kunja ndi yodetsedwa. Wodi yodzaza mopitirira muyeso ingathe kuumitsa mtima wa wophunzira mpaka imfa ya mwana n'kuleka kumukhudza, ndipo pali ukatswiri wina umene munthu sangauphunzire pamene palibe zipangizo zake. Kwa zaka zambiri odwala khansa ofunika kuwotchedwa ndi makina ankatumizidwa kunja, ndipo madokotala oti athetse vuto lotere sakanaphunzira kwina koma kunja komweko. Muyeso woyenera si malire a dziko, koma ngati sukuluyo idzamufikitsa wophunzira pafupi ndi anthu amene akufuna kudzawatumikira kapena idzamutalikitsa nawo.

Mbiri ya madokotala awiri oyambirira a dziko lino imaonetsa kulimba kwa mfundoyi pamodzi ndi malire ake. Mu 1910 Abraham Flexner anatulutsa lipoti lounika sukulu za udokotala za ku United States ndi Canada, limene linakweza kwambiri muyeso wa maphunziro, koma linathandizanso kuti sukulu zambiri zitsekedwe, ndipo mwa sukulu zisanu ndi ziwiri zophunzitsa anthu akuda zinatsala ziwiri zokha, Howard ku Washington ndi Meharry ku Nashville. Ku Meharry n'kumene Daniel Sharpe Malekebu anamaliza maphunziro ake mu 1917, ndipo Hastings Kamuzu Banda anamaliza komweko mu 1937. Anthu awiriwa sanasankhe pakati pa sukulu zambiri, popeza tsankho la khungu linali litawasankhira kale. Malekebu, amene boma la atsamunda linayamba lamukaniza kukhazikika kwawo, anabwerera mu 1926 n'kutsegulanso Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, imene inatsekedwa pambuyo pa nkhondo ya John Chilembwe ya 1915, ndipo anatumikira kumeneko monga m'busa ndi dokotala. Banda anapitiriza ku Edinburgh, kumene analandira ziphaso zake mu 1941, nagwira ntchito ku Liverpool, North Shields, London ndi Kumasi, ndipo pobwerera mu 1958 anabwera monga mtsogoleri wa ndale. Sukulu inali imodzi koma njira zinasiyana, kusonyeza kuti sukulu imaumba munthu popanda kumumanga, ndiponso kuti kubwerera kwa dokotala kumadalira ngati dziko lake lamutsegulira khomo. Lipoti la Flexner limaphunzitsanso china chimene amene amangofunsa za sukulu yapamwamba amachiiwala, chakuti kukweza muyeso kungathe kuyendera limodzi ndi kuchepetsa madokotala a anthu osauka, kotero kuti mawu akuti sukulu yabwino sakwanira mpaka atanenedwa amene ikuwachitira ubwinowo.

Akhristu ambiri amayankha funsoli ndi chiphunzitso cha maitanidwe, ndiko kukhulupirira kuti Mulungu amaika munthu pa ntchito inayake kuti atumikire ena kudzera m'ntchitoyo. Martin Luther anatsutsa ganizo lakuti maitanidwe ndi a ansembe ndi amonke okha, naphunzitsa kuti mlimi, mayi wolera ana ndi sing'anga onse ali pa utumiki wopatulika, umene umayesedwa ndi phindu lake kwa mnansi. Chiphunzitso chogwirizanitsa chikhulupiriro ndi kuchiritsa chili ndi mizu yakuya kuno, kuyambira pa Robert Laws, m'busa ndi dokotala amene anafika pa nyanja ya Malawi mu 1875, mpaka pa zipatala za mipingo monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mua ndi St Luke's ku Malosa, zimene zambiri zinamangidwa kumidzi kumene boma linali lisanafike. Koma m'malankhulidwe a masiku ano maitanidwe apeputsidwa mochititsa chisoni, chifukwa khomo lililonse lotseguka, kaya ndi viza kaya ndi thandizo la fizi, limachitiridwa umboni mumpingo monga chizindikiro cha chifuniro cha Mulungu, pamene mwa chiphunzitso cha Luther yemweyo kutseguka kwa khomo sikutsimikiza kanthu mpaka atadziwika mnansi amene apindule munthu akalowa pakhomopo. Wokhulupirira amene akuthokoza chifukwa cha malo amene wapeza ali ndi udindo wofunsanso m'pemphero lomwelo kuti malowo akumukonzekeretsa kutumikira yani.

Chiphunzitso chimene chimaika bwino kwambiri malire pakati pa ufulu wa munthu ndi kulira kwa odwala chikupezeka m'malamulo a Chisilamu, amene amasiyanitsa fard ayn, udindo umene uli pa munthu aliyense payekha monga swala, ndi fard kifaya, udindo umene uli pa gulu lonse, woti ena akaukwaniritsa mokwanira onse amamasuka, koma ukasiyidwa onse amene akanatha kuuchita amakhala ndi mlandu. Abu Hamid al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaika udokotala m'gulu lachiwirili, ndipo anadandaula kuti m'mizinda yambiri munalibe asing'anga achisilamu pamene ophunzira ankakhamukira ku maphunziro a malamulo, amene ankabweretsa maudindo ndi chuma. Ubwino wa ganizoli ndi wakuti silimanga wophunzira aliyense ndi chingwe chimodzi, popeza palibe munthu mmodzi amene angauzidwe kuti iyeyo ndiye ayenera kukagwira ntchito ku Nsanje kapena ku Chitipa; komanso silimumasula kotheratu, chifukwa kulemera kwa udindowo pa munthu mmodzi kumakula pamene otha kuusenza akuchepa. Kumene madokotala ali ambiri, mmodzi akachoka palibe wodwala amene amazindikira, koma kumene chipatala cha boma lonse chikudalira madokotala owerengeka pa zala, kuchoka kwa mmodzi kumatanthauza kuti mayi wina adzadikira opaleshoni mpaka m'mawa. Julian Tudor Hart, dokotala amene anagwira ntchito m'mudzi wa anthu okumba malasha ku Wales, anasonyeza mu 1971 kuti chithandizo chabwino cha chipatala chimakonda kuchepa kumene chikufunika kwambiri, makamaka pamene zaumoyo zasiyidwa m'manja mwa msika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi oposa 17.5 miliyoni, 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, pamene akatswiri ambiri a zachipatala ali m'mizinda momwe muli zipatala zazikulu. Wophunzira wa m'dziko lotere sangayerekeze chisankho chake ndi cha mnzake wa ku London, ngakhale onse awiri ali ndi ufulu wofanana.

Nzeru ya umunthu, imene akatswiri a zaumulungu a kuno monga Augustine Musopole anaifotokoza monga chiphunzitso chakuti munthu amakhala munthu mwa ubale wake ndi ena, imaitchula nkhaniyi ndi dzina la ngongole, ndipo ngongole za wophunzira udokotala ndi zingapo zimene nthawi zina zimakokerana. Yoyamba ndi ya kwa abale amene anagulitsa fodya, mbuzi kapena munda kuti iye aphunzire, ndipo dokotala amene akufuna malipiro a kunja kuti aphunzitse azing'ono ake ndi kumangira amayi ake nyumba sayenera kunenedwa wadyera, chifukwa nayenso akubweza. Ina ndi ya kwa okhoma msonkho, amene amalipirira mbali yaikulu ya maphunziro a m'sukulu ya boma ngakhale ambiri mwa iwo ana awo sadzalowamo. Koma ngongole yolemera kuposa zonse, imene siitchulidwa kawirikawiri, ndi ya kwa odwala amene matupi awo anakhala buku la wophunzirayo. Palibe dokotala amene anabadwa akudziwa kulowetsa singano mumtsempha. Anaphunzira pa mkono wa munthu wina, naphonya kangapo, ndipo munthuyo anapirira. Anaphunzira kusoka pa thupi la mayi amene anangobereka kumene, anaphunzira kumvetsera chifuwa pa mwana wobanika, ndipo pafupifupi kulikonse padziko lapansi anthu amene amaphunziriridwa moterewa ndi osauka a m'zipatala za boma, popeza olemera amapita kumene ophunzira sawakhudza. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo odwala amenewa anamutenga wophunzirayo monga mwana wawo pomulola kuti ayesere pa iwo. Amene waphunzira pa anthu otere n'kupita kukatumikira okhawo amene angathe kulipira wasamutsa chuma kuchoka kwa osowa kupita kwa okhuta, ngakhale palibe khoti limene lingamuzenge mlandu.

Popeza udindowu ndi wa gulu, sungaikidwe pa mapewa a ophunzira okha. Boma limene laphunzitsa dokotala ndi ndalama za anthu n'kumusiya miyezi akudikira kulembedwa ntchito, kapena kumutumiza ku chipatala chopanda nyumba, magazi ndi magetsi odalirika, laswa mbali yake ya pangano ndipo lataya mphamvu yodzudzula amene achoka. Maiko olemera nawonso ali ndi gawo lawo, ndipo n'chifukwa chake mu 2010 maiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana pa ndondomeko yolimbikitsa kuti asamakope mwadala ogwira ntchito zachipatala kuchokera ku maiko amene akusowa kwambiri, ngakhale kuti ndondomekoyo ilibe mphamvu yokakamiza aliyense.

Nkhaniyi imafika povuta kwenikweni pa wophunzira amene mapointi ake sanamufikitse ku Blantyre, ndipo akuyeza pakati pa sukulu ya kunja imene amangoidziwira pa intaneti ndi maphunziro a clinical officer. Sukulu zina za kunja ndi zolimba ndipo zatulutsa madokotala aluso amene akutumikira bwino kuno. Koma zilipo zimene zimaphunzitsa m'Chingerezi m'kalasi pamene odwala a m'mawodi amalankhula chinenero chimene mlendoyo sanachidziwe mokwanira, kotero kuti angathe kumaliza zaka zisanu ndi chimodzi ataima kumbuyo kwa anzake, asanafunsepo wodwala mbiri ya nthenda yake payekha kapena kubereketsapo mayi. Wotereyu akabwerera ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha, ndipo zimene sanaphunzire kunja adzaziphunzira pa odwala a kuno pa nthawi imene iwo akumuyesa kale dokotala wathunthu. Nkhondo ya ku Ukraine mu 2022 ndi ya ku Sudan mu 2023 zinasonyezanso kuti maphunziro aatali chonchi angathe kuduka pakati, banja litagulitsa kale zonse. Chifukwa chake mafunso oti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe lolembetsa madokotala, kuti ophunzira ake amakhudza odwala kuyambira chaka chiti, kuti amalankhula nawo m'chinenero chanji ndiponso kuti omaliza kumeneko akugwira ntchito kuti, si mafunso a ndalama ndi mwayi okha, koma ndi njira imene wodwala wa m'tsogolo amalowera m'zokambirana za banja. Ndipo pamene mayankho ake ali ofooka, njira ya clinical officer, imene mabanja ambiri amaiona ngati kugonja chifukwa ilibe dzina la udokotala ndipo malipiro ake ndi otsika, ndiyo imene imaika wophunzira pafupi ndi bedi kuyambira zaka zoyamba, pakati pa matenda ndi zinenero za anthu amene adzawatumikire, ndipo masiku ano amene wagwira ntchitoyi zaka zingapo angathe kupitiriza mpaka digiri m'nthambi monga ya maopaleshoni kapena ya matenda a ana.